Mmene mungaikire rauta yachiwiri kuti netiweki isaime yoyamba ikafa

Pa netiweki ya mu ofesi, pasukulu kapena pachipatala, kompyuta iliyonse imadziwa adiresi imodzi yokha yotulukira kunja. Akatswiri amaitcha default gateway, ndipo m'malangizo ano tiziitcha chipata. Kompyuta ikafuna kutumiza uthenga kumalo amene sali pa netiweki yakeyo, imangoupereka kuchipata n'kudikira yankho. Rauta, chipangizo cholumikiza netiweki ya mkati ndi ya kunja, ndiyo imakhala ndi adiresi ya chipatayo. Rautayo ikazima, maswichi, amene amalumikiza makompyuta a mkati, amakhala akuyakabe ndipo makompyuta amaonanabe okhaokha, koma intaneti, imelo ndi mapulogalamu onse osungidwa pa maseva akutali zimaima nthawi imodzi. Kompyuta siitha kusaka rauta ina payokha, ngakhale rauta yabwinobwino itakhala pashelufu yomweyo.

Ndiye kugula rauta yachiwiri kokha sikuthetsa vutoli. Chofunika n'chakuti marauta awiriwo agawane adiresi imodzi ya chipata, ndipo yachiwiri izidziwa yokha nthawi yoyenera kutenga adiresiyo popanda munthu kudzuka usiku kukasintha zingwe. Kulandirana ntchito kotereku ndi kumene kumatchedwa failover.

Gawo loyamba: jambulani njira yonse imene uthenga umadutsa

Musanakhudze chipangizo chilichonse, tengani pepala ndi kujambula njira yochokera pa kompyuta ya wogwira ntchito mpaka pamene chingwe cha kampani yopereka intaneti chimalowera m'nyumba. Lembani swichi iliyonse, chingwe chilichonse, rauta, modemu ndi soketi ya magetsi imene chipangizo chilichonse chalumikizidwako. Kenako lozani chinthu chimodzichimodzi ndi kudzifunsa kuti chikawonongeka chokhachi, netiweki ipitirira kapena iima.

Gawo limeneli ambiri amalidumpha chifukwa likuoneka lopepuka, koma ine ndimaliona kukhala lofunika kuposa ena onse. Marauta awiri olumikizidwa ku swichi imodzi amafera limodzi swichiyo ikapsa. Marauta awiri odya magetsi a soketi imodzi kapena UPS imodzi (batire losunga magetsi) amazimira limodzi. Makampani awiri opereka intaneti amatha kudutsitsa zingwe zawo mu ngalande imodzi pansi pa msewu, kapena mmodzi amakhala akubwereka chingwe cha mnzake, moti wokumba msewu akadula chingwe chimodzi onse awiri amatha. Choncho funsani makampaniwo mosapita m'mbali njira imene chingwe chawo chimadutsa, ndipo ngati n'kotheka sankhani njira ziwiri zosiyana mtundu, mwachitsanzo fiber ndi netiweki ya mafoni ya 4G kapena 5G.

Si malo onse ofooka amene mungathe kuwachotsa, chifukwa zipangizo zimadula. Komabe n'kwabwino kudziwa amene atsala ndi kuwalemba, kusiyana ndi kudzawadziwa tsiku limene zinthu zavuta.

Gawo lachiwiri: siyanitsani mavuto awiri

Kufa kwa rauta ndi kuduka kwa intaneti yochokera kunja ndi mavuto awiri osiyana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Rauta imodzi yokhala ndi zingwe za makampani awiri imakutetezani kampani imodzi ikaduka, koma rautayo ikapsa zonse zaima. Marauta awiri ogwiritsa ntchito kampani imodzi amakutetezani rauta ikapsa, koma kampaniyo ikaduka onse awiri alibe kopita. Malangizo otsatirawa akufotokoza makonzedwe othana ndi zonse ziwiri: marauta awiri, iliyonse ndi chingwe chake cha kunja.

Gawo lachitatu: sankhani njira imene marauta azilankhulirana

Pali njira zingapo zodziwika. VRRP ndi yotseguka kwa aliyense, ndipo imapezeka pa zipangizo za makampani ambiri monga Cisco, Juniper ndi MikroTik, komanso pa Linux kudzera m'pulogalamu ya keepalived. Mtundu wake wachitatu, umene umagwira ntchito ndi IPv4 ndi IPv6, unafotokozedwa m'chikalata cha malamulo ake chotchedwa RFC 5798 m'chaka cha 2010. HSRP ndi ya Cisco, ndipo GLBP, imene imagawa ntchito pakati pa marauta m'malo mosiya imodzi ikungodikira, ndi ya Cisco yomweyo. CARP inachokera ku OpenBSD ndipo ndi imene mapulogalamu a rauta a pfSense ndi OPNsense amagwiritsa ntchito.

Ngati zipangizo zanu ndi za makampani osiyana, kapena mukuganiza kuti mtsogolomu mudzasintha kampani, sankhani VRRP. Zitsanzo za m'munsimu zatengera VRRP, koma maganizo ake ndi amodzimodzi pa njira zinazo. Chenjezo limodzi ndi lakuti CARP ndi VRRP amagwiritsa ntchito nambala imodzi ya protocol, 112, ndiponso maadiresi a MAC (manambala ozindikiritsa chipangizo pa netiweki ya mkati) ofanana kapangidwe, motero akakumana pa netiweki imodzi ndi nambala yofanana ya gulu la marauta ogawana adiresi amasokonezana. Ngati muli nazo zonse ziwiri, muzipatse manambala a gulu osiyana.

Gawo lachinayi: konzani maadiresi atatu

Pa netiweki iliyonse ya mkati pafunika maadiresi atatu. Tiyerekeze kuti netiweki yanu ndi 192.168.10.0/24. Rauta yoyamba ipatseni 192.168.10.2, yachiwiri 192.168.10.3, ndipo 192.168.10.1 ikhale adiresi yogawana, imene si ya rauta iliyonse payokha. Makompyuta onse azidziwa 192.168.10.1 yokha monga chipata chawo. Ngati chipata chanu chakale chinali kale 192.168.10.1, mwachita mwayi, chifukwa simudzafunika kusintha kanthu pa makompyuta. Mungosuntha rauta yakaleyo kupita pa adiresi yatsopano ndi kusandutsa yakaleyo kukhala yogawana.

VRRP imalola kuti adiresi yogawana ikhale yomweyo ya rauta yoyamba, ndipo zikatero rautayo imakhala ndi mphamvu ya 255, imene ndi yapamwamba kwambiri. Ine sindilimbikitsa zimenezi, chifukwa rauta yotereyi imatenganso udindo nthawi iliyonse imene yayaka, ndipo mphamvu yake siitsitsidwa ngakhale chingwe chake cha kunja chitaduka. Maadiresi atatu osiyana amakupatsaninso mwayi wolowa mu rauta iliyonse mwachindunji pofufuza vuto.

Ngati netiweki yanu yagawidwa m'ma VLAN, amene ndi magawo olekanitsidwa a netiweki imodzi, VLAN iliyonse ikufunika maadiresi ake atatu ndi gulu lake la VRRP.

Gawo lachisanu: yatsani VRRP pa marauta onse awiri

Pa rauta iliyonse muika zinthu zinayi: nambala ya gulu, imene ili pakati pa 1 ndi 255 ndipo iyenera kufanana pa marauta onse awiri, adiresi yogawana ija, mphamvu ya rauta, imene m'makonzedwe imalembedwa priority, ndi nthawi yotalikirana pakati pa mauthenga odziwitsana. Mphamvu imene mungasankhe imayambira pa 1 mpaka 254, ndipo mukapanda kuika kanthu imakhala 100. Rauta ya mphamvu yaikulu ndi imene imatsogolera. Ipatseni yoyamba 150 ndipo yachiwiri isiyeni pa 100. Pa keepalived, makonzedwe a rauta yoyamba angaoneke motere:

```
vrrp_instance LAN {
    state BACKUP
    interface eth1
    virtual_router_id 51
    priority 150
    advert_int 1
    virtual_ipaddress {
        192.168.10.1/24
    }
}
```

Pa rauta yachiwiri zonse n'zofanana kupatula mphamvu, imene ikhala 100.

N'kothandiza kumvetsa zimene zimachitika mukatha kuyatsa. Rauta yotsogolera imatumiza uthenga sekondi iliyonse ku adiresi ya 224.0.0.18 wonena kuti ilipo ndipo mphamvu yake ndi yakuti. Yodikira imangomvetsera osayankha. Ikapanda kumva uthenga kwa nthawi yokwana mauthenga atatu, kuphatikiza kanthawi kochepa kowerengedwa kuchokera pa mphamvu yake, imaona kuti mnzake wafa. Kwa rauta ya mphamvu ya 100, nthawi yonseyi imakhala pafupifupi masekondi 3.6. Pamenepo imatenga adiresi yogawana ndi kulengeza pa netiweki kudzera mu uthenga wa ARP (wonena MAC imene ili ndi adiresiyo) wosapemphedwa, kuti maswichi adziwe khomo latsopano limene chipata chili. Malamulo a VRRP amapatsa adiresi yogawana MAC yakeyake, yoyamba ndi 00-00-5E-00-01 n'kutha ndi nambala ya gulu, n'cholinga chakuti makompyuta asafunike kuphunzira chatsopano. Dziwani kuti keepalived siigwiritsa ntchito MAC imeneyi pokhapokha mutaiuza ndi lamulo la use_vmac, ndipo popanda lamuloli imadalira kuti makompyuta amvere uthenga wa ARP uja.

HSRP, mukaisiya mmene inabwerera, imachedwerapo: imatumiza uthenga masekondi 3 aliwonse ndipo imadikira masekondi 10. Nthawi zimenezi zikhoza kufupikitsidwa, ndipo mtundu wachitatu wa VRRP umalola nthawi zochepera sekondi imodzi. Koma musathamangire kufupikitsa kwambiri. Rauta yotanganidwa ikachedwa pang'ono kutumiza uthenga, yodikira imalanda udindo popanda chifukwa, ndipo netiweki imayamba kudumphadumpha pakati pa ziwirizo, zimene zimasokoneza anthu kuposa kudikira masekondi anayi kamodzi pa nthawi yaitali.

Palinso nkhani ya zimene zichitike rauta yoyamba ikadzuka. Pa VRRP, mwachibadwa imalandanso udindo nthawi yomweyo, pamene pa HSRP siilanda pokhapokha mutayatsa lamulo la preempt. Kulanda msanga kuli ndi vuto lake, chifukwa rauta yongoyaka kumene imatha kuyamba kuyankha pa netiweki ya mkati isanalumikizane ndi kampani ya intaneti kapena isanaphunzire njira zake, motero anthu amaduka kachiwiri chifukwa cha rauta imene imayenera kuwathandiza. Ikani nthawi yodikira ya mphindi imodzi kapena ziwiri isanalande. Pa keepalived lamulo lake ndi preempt_delay, ndipo limagwira ntchito pamene state yalembedwa BACKUP monga m'chitsanzo chija.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: phunzitsani rauta kuzindikira kuti njira yake ya kunja yafa

Apa ndi pamene makonzedwe ambiri amalephera. VRRP payokha imangoyang'ana ngati rauta inzake ikulankhula pa netiweki ya mkati. Chingwe cha kunja cha rauta yoyamba chikaduka, rautayo imapitiriza kulengeza kuti ili moyo, imasungabe adiresi ya chipata, imalandira mauthenga a aliyense n'kusowa kowapititsa, pamene yachiwiri ili chete ndi intaneti yabwinobwino.

Mankhwala ake ndi kulondola. Iuzeni rauta yoyamba kuti njira ya kunja ikafa itsitse mphamvu yake ndi nambala yokwanira kuti itsike pansi pa ya mnzake. M'chitsanzo chathu, kutsitsa ndi 60 kumaifikitsa pa 90, pansi pa 100, ndipo yachiwiri imalanda udindo. Mukatsitsa ndi 30 yokha, imakhala pa 120 ndipo palibe chimene chimasintha. Werengani masamu amenewa kawiri. Onetsetsaninso kuti rauta yachiwiri ili ndi chilolezo cholanda, makamaka pa HSRP, chifukwa popanda chilolezocho imangoyang'ana mnzake wofookayo osachitapo kanthu.

Funso lotsatira ndi lakuti muzilondola chiyani. Kuyang'ana ngati khomo la rauta layaka n'kosakwanira, chifukwa nthawi zambiri chingwe cha pakati pa rauta ndi modemu chimakhala bwinobwino pamene vuto lili kutali mkati mwa kampani ya intaneti. Kutumiza ping, uthenga woyesa ngati chipangizo chikuyankha, ku chipata cha kampaniyo n'kwabwinoko, komabe chipatacho chimatha kuyankha pamene kuseri kwake kulibe njira. Chodalirika kwambiri ndi kutumiza ping ku maadiresi awiri kapena atatu a kutali odziwika, monga 1.1.1.1, 8.8.8.8 ndi 9.9.9.9, ndi kunena kuti njira yafa pokhapokha onse alephera kangapo motsatizana. Adiresi imodzi yokha ikhoza kusiya kuyankha pa zifukwa zake, ndipo simukufuna kuti ofesi yonse isamuke njira chifukwa cha zimenezo. Pa Cisco zimenezi zimachitika ndi IP SLA pamodzi ndi track, pa MikroTik ndi Netwatch kapena check-gateway, pa keepalived ndi vrrp_script, ndipo pa OpenWrt pulogalamu ya mwan3 imayang'anira zingwe zingapo za kunja.

Samalani kuti ping yoyeserayo izituluka kudzera pa chingwe chimene ikuyesacho basi. Ikapeza njira yozungulira kudzera pa rauta yachiwiri, imabwera ndi yankho labwino pamene chingwe chikadali chakufa, rauta imabwerera pa chingwecho, ping imalephera, imasamukanso, ndipo zimapitirira chonchi osaleka. Ikani njira yokhazikika ya maadiresi oyeserawo yoloza ku chipata cha kampani yoyenera.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: fananitsani ntchito zina zonse za rauta

Rauta ya mu ofesi yaing'ono siimangotumiza mauthenga. Kawirikawiri imagawa maadiresi kudzera mu DHCP, imayankha mafunso a DNS (kusandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi), imasunga malamulo a firewall (olola kapena kutsekereza mauthenga), imachita NAT (kuti makompyuta onse atulukire pa adiresi imodzi ya kunja) ndipo mwina imalandira VPN (njira yotetezedwa yolowera mu netiweki muli kutali). Adiresi ya chipata ikasamuka koma ntchito zimenezi zatsala pa rauta yakufa, makompyuta amene anali oyaka amapitiriza kwa kanthawi, koma amene akuyatsidwa kumene salandira adiresi, ndipo ngakhale olumikizidwa kale satsegula tsamba lililonse chifukwa palibe woyankha DNS.

Pa DHCP, njira yosavuta ndi kugawa maadiresi pawiri: rauta yoyamba izipereka kuyambira 192.168.10.50 mpaka 192.168.10.149, yachiwiri kuyambira 192.168.10.150 mpaka 192.168.10.249, ndipo zonse zizitchula 192.168.10.1 monga chipata. Theka lililonse likhale lokwanira zipangizo zonse ngati mnzake atafa kwa nthawi yaitali. Musalole marauta awiri kugawa maadiresi ofanana popanda kudziwitsana, chifukwa makompyuta awiri adzalandira adiresi imodzi. Pa DNS, perekani adiresi yogawana ija ngati marauta onse akuyankha DNS, kapena perekani maadiresi awiri a maseva osiyana.

Malamulo a firewall ayenera kufanana pa marauta onse. Pa pfSense ndi OPNsense pali njira yokopera makonzedwe kuchokera ku yoyamba kupita ku yachiwiri, ndipo pfsync imatumiza mndandanda wa malumikizano amene ali otseguka kuti yachiwiri ikalanda isawakane. Pa Linux ntchito imeneyi imachitidwa ndi conntrackd. N'kwabwino kuti mauthenga ofananitsawa azidutsa pa chingwe chawochawo cholumikiza marauta awiriwo mwachindunji.

Pali malire amene muyenera kuuza eni netiweki pasadakhale. Ngati marauta awiri akutulukira pa makampani osiyana, adiresi yanu ya kunja imasintha pa nthawi yosamuka, ndipo malumikizano amene anali mkati, monga kuyimba kwa vidiyo, VPN kapena kukopera fayilo yaikulu, amaduka ndipo amayenera kuyambiranso, ngakhale pfsync ikugwira ntchito bwino. Kuti adiresi ya kunja isasinthe pakati pa makampani awiri pamafunika maadiresi anuanu, nambala ya AS yozindikiritsa netiweki yanu pa intaneti ndi BGP, njira yolengezera maadiresiwo kwa makampaniwo, zimene ndi ntchito ya mabungwe akuluakulu. Kwa ofesi wamba, kuduka kwa masekondi ochepa n'kulumikizanso n'kovomerezeka, malinga anthu akudziwa kuti ndi mmene zikhalire.

Gawo lachisanu ndi chitatu: pewani atsogoleri awiri

Marauta awiri akasiya kumvana pamene onse ali moyo, iliyonse imaganiza kuti inzake yafa ndipo zonse zimatenga adiresi ya chipata. Zotsatira zake zimasokoneza mutu: ena amalumikizidwa, ena ayi, ndipo vutolo limasinthasintha. Zifukwa zofala ndi firewall ya rauta yotsekereza protocol 112, VLAN yoiwalika pa chingwe cha pakati pa maswichi, nambala za gulu zosiyana, kapena swichi yosefa mauthenga a multicast (opita ku gulu la zipangizo nthawi imodzi, monga a VRRP) molakwika. Mukangomaliza makonzedwe, lowani mu marauta onse awiri ndi kutsimikiza kuti imodzi ikudzitcha yotsogolera ndipo inayo yodikira, pa VLAN iliyonse.

Ngati mwaika maswichi awiri, rauta iliyonse pa swichi yake, alumikizeni ndi zingwe ziwiri zomangidwa pamodzi ndi LACP, ndipo gwiritsani ntchito RSTP, njira yoteteza kuti mauthenga asamangozungulira pakati pa maswichi, m'malo mwa STP yakale, imene imatha kutenga masekondi 30 mpaka 50 isanatsegule njira yatsopano. Palibe phindu kuti rauta isamuke m'masekondi anayi pamene swichi ikudikirabe theka la mphindi.

Gawo lachisanu ndi chinayi: yesani pozimitsa zenizeni

Sankhani nthawi imene anthu sakugwira ntchito, adziwitseni, ndipo pa kompyuta imodzi yambitsani ping ziwiri zosalekeza, imodzi ku 192.168.10.1 ndi ina ku adiresi ya kunja. Kenako chitani zoyesa izi chimodzichimodzi, mukuwerenga mayankho amene atayika ndi kubwezeretsa zonse musanayese chotsatira. Zulani chingwe cha magetsi cha rauta yoyamba, osati kuizimitsa mwaulemu kudzera m'pulogalamu, chifukwa ikazimitsidwa mwaulemu imatsanzika potumiza uthenga wa mphamvu ya 0 ndipo yachiwiri imalanda msanga kuposa mmene zingakhalire pa ngozi yeniyeni. Zulani chingwe chake cha mkati. Zulani chingwe chake cha kunja. Kenako siyani chingwe cha pakati pa rauta ndi modemu chili cholumikizidwa, koma dulani modemu kumbali ya kampani, kuti muone ngati kulondola kuja kukugwiradi ntchito. Zimitsani swichi imodzi.

Pamene rauta yoyamba ili yozima, yatsani kompyuta ina imene inali yozima ndi kuona ngati ikulandira adiresi, tsegulani tsamba limene simunalitsegulepo kuti muyese DNS, ndipo lumikizani VPN ngati ilipo. Pomaliza yatsani rauta yoyamba ndi kuona ngati ikudikira nthawi imene munaiika isanalande udindo. Lembani masekondi a kuyesa kulikonse ndi kusunga pepalalo pamodzi ndi chithunzi cha gawo loyamba.

Gawo lakhumi: konzani kuti muzidziwitsidwa

Failover ikayenda bwino, palibe amene amadandaula, ndipo pachifukwa chimenechi rauta yoyamba ikhoza kukhala yakufa kwa milungu popanda wodziwa, mpaka tsiku limene yachiwiri nayo yavuta. Ikani marauta onse kuti azitumiza zolemba zawo ku seva ya syslog, kapena alondoleni ndi pulogalamu monga Zabbix kapena Nagios, ndipo uthenga uzikufikani nthawi iliyonse imene udindo wasamuka. Muzilondola maadiresi enieni a marauta, 192.168.10.2 ndi 192.168.10.3, osati yogawana yokha, chifukwa yogawanayo imayankha ngakhale rauta imodzi itafa. Chingwe chachiwiri cha kunja nachonso chiziyesedwa mosalekeza, makamaka ngati ndi cha netiweki ya mafoni chimene data yake imatha kapena kupitirira nthawi osagwiritsidwa ntchito.

Lamulo lililonse latsopano la firewall, VLAN yatsopano kapena kusintha kwa DHCP kuzichitika pa marauta onse awiri tsiku lomwelo. Pokweza pulogalamu ya rauta, yambani ndi yodikira, itsimikizeni, samutsirani udindo kwa iyo potsitsa mphamvu ya yoyamba, kenako kwezani yoyambayo. Mukatha kusintha kulikonse kwakukulu, bwerezani zoyesa za gawo lachisanu ndi chinayi ndi kuyerekeza masekondi atsopano ndi amene munalemba poyamba.